Kampani yaikulu yagula gulu lathu losinthana zikwangwani: nditulukemo kapena ndikhalebe?

Funso: Ndili ndi webusaiti yaing'ono yophunzitsa ulimi wa njuchi. Kwa zaka zinayi ndakhala m'gulu lina losinthana zikwangwani zotsatsira malonda, zija amati banner. Ine ndimaonetsa za anzanga pamasamba anga, iwonso amaonetsa changa. Sabata yatha tinalandira imelo yoti gululo lagulidwa ndi kampani yaikulu, ndipo akuti palibe chimene chisinthe. Anzanga ena achotsa kale code yawo (timizere ta kompyuta timene timaonetsa zikwangwanizo patsamba) n'kupita kugulu lina. Ine ndili ndi mapointi 40,000 osagwiritsa ntchito (pointi imodzi ndi mwayi woti chikwangwani changa chioneke kamodzi kwa ena), ndipo masamba anga amatsegulidwa ka 3,000 pamwezi. Kodi nditsatire anzanga, kapena ndidikire?

Yankho: Achimwene, musachotse code yanu lero chifukwa choopa dzina la wogulayo. Koma musakhalenso m'gululo chifukwa chodandaula mapointi. Zonse ziwirizi n'kuchita zinthu ndi mtima, pamene yankho lili m'manambala amene mwandipatsa kale komanso m'mapepala amene wogulayo atumize posachedwa. Zimene zakuchitikiranizi si zachilendo. Zinachitikira anthu mazanamazana a zikwi pa nthawi imodzi mu 1998, ndipo tikudziwa mmene zinathera.

Gulu losinthana zikwangwani lotchuka kuposa onse linali LinkExchange la ku San Francisco, ku America. Anayambitsa ndi anyamata awiri, Tony Hsieh ndi Sanjay Madan, mu Malichi 1996, atangosiya ntchito ku kampani ya Oracle, ndipo Ali Partovi anawapeza chaka chomwecho. Nzeru yawo inali yosavuta, ngati mmene alimi amalimizirana minda: lero kwanu, mawa kwanga. Munthu amaika kachidutswa ka HTML, chilankhulo cholembera masamba a pa intaneti, patsamba lake, chikwangwani cha mnzake n'kumaoneka pamenepo. Zikaoneka ziwiri patsamba lake, chake chimaoneka kamodzi patsamba la munthu wina. Ziwiri kupereka, chimodzi kulandira.

Imani kaye pamenepa, chifukwa nkhani yonse yagona pa chimodzi chotsalacho. Mukaonetsa zikwangwani 1,000, inu mumabwezeredwa 500. Malo 500 enawo amatsala m'manja mwa eni gulu, ndipo amawagulitsa kwa amalonda olipira ndalama kapena kutsatsirapo zinthu zawo. Pakulimizana kwa kumudzi palibe munthu wapakati wotenga theka la mizere yonse. Pano alipo, ndipo ndi amene amalipira makompyuta ndi antchito. Sindikunena kuti n'kuba, ayi, ndi mtengo wa ntchitoyo. Koma mudziwe kuti katundu amene kampani yaikulu imagula ndi theka limeneli, pamodzi ndi mndandanda wa mayina ndi maimelo a mamembala.

Mu Novembala 1998 Microsoft inagula LinkExchange pamtengo wa madola 265 miliyoni. Kampani inali isanakwanitse n'komwe zaka zitatu. Microsoft sinkafuna kwenikweni zikwangwani za ophunzitsa kuluka kapena osunga mbalame. Inkafuna malo otsatsirapo MSN, webusaiti yake yaikulu, pamasamba ochuluka zedi, komanso njira yofikira eni mabizinesi ang'onoang'ono kuti iwagulitse ntchito zina. N'chifukwa chake mu 1999 zonse zinalowetsedwa m'dzina latsopano la bCentral, sitolo ya Microsoft yothandizira mabizinesi ang'onoang'ono pa intaneti. Nthawi imeneyo eni mawebusaiti ambiri anali ndi funso lanu lomweli. Ena ankadana ndi Microsoft pa zifukwa zawo, makamaka poti mu 1998 boma la America linali litaisumira pa nkhani yopondereza makampani anzake, ndipo anasamukira ku magulu ngati BannerSwap, SmartClicks ndi HyperBanner. Ena anakhalabe.

Chinachitika n'chiyani kwa otsalawo? Tsiku lotsatira palibe chinasintha. Zikwangwani zinapitirira kuoneka, mapointi kuwerengedwa, ndipo ntchitoyo inakhalapo mpaka 2007 pamene Microsoft inaitseka. Zimenezo ndi zaka zoposa zisanu ndi zitatu. Amene anathawa usiku womwewo poganiza kuti nyumba ikupsa anathamanga pachabe. Koma amene anakhala osayang'ana analuzanso m'njira ina, mwakachetechete. Woyambitsa mwini, Tony Hsieh, sanakhalitse. Anachoka n'kukaika mtima pa Zappos, sitolo yogulitsa nsapato pa intaneti. ListBot, ntchito yaulere yotumizira maimelo kwa anthu ambiri imene inabwera limodzi ndi LinkExchange, inatsekedwa mu 2001, ndipo ofuna kupitiriza anauzidwa kuti alowe ntchito yolipira. Chinthu chaulere chikalowa m'kampani yaikulu nthawi zambiri sichiphedwa ndi nkhwangwa. Chimangosiyidwa, osachithirira, anthu aluso n'kusamutsidwira ku ntchito zobweretsa ndalama, mpaka tsiku lina kalata yotsekera ifike.

Palinso njira ina yoipa msanga, ndipo iyi ndi imene ndimaiopa. Mu 1999 Yahoo inagula GeoCities, malo amene anthu mamiliyoni ankasungako masamba awo kwaulere. Mu Juni chaka chomwecho inatulutsa malamulo atsopano amene mawu ake ankaipatsa ufulu wogwiritsa ntchito zolemba ndi zithunzi za anthu mpaka kalekale. Anthu anakwiya, ambiri anafufuta masamba awo, ndipo Yahoo inasintha mawuwo. M'katundu wa GeoCities munalinso WebRing, njira imene masamba a nkhani zofanana ankalumikizirana ngati mkanda, lina kuloza ku linzake. Mu Seputembala 2000 Yahoo inaikonzanso mwa njira yake, n'kufuna kuti aliyense akhale ndi akaunti ya Yahoo, ndipo anthu amene anayendetsa mikanda yawo kwa zaka anapezeka kuti mphamvu zawo zachepa. Ambiri anachoka. Mu 2001 Yahoo inaitaya WebRing, ndipo GeoCities ya ku America inatsekedwa mu Okutobala 2009. Ndiye mawu oti palibe chimene chisinthe musawatenge ngati bodza, komanso musawatenge ngati lonjezo. Amanena za lero basi. Chimene chikuuzeni zoona ndi chikalata cha malamulo atsopano.

Tsopano tibwere pa manambala anu, chifukwa pali chinthu chandidabwitsa. Ngati masamba anu amatsegulidwa ka 3,000 pamwezi, ndipo gulu lanu limabweza chimodzi pa ziwiri monga magulu ambiri, mumapeza mapointi 1,500 pamwezi. Pa zaka zinayi amakwana 72,000. Inu mwasunga 40,000. Ndiye kuti oposa theka la zimene munagwirira ntchito simunalandire. Pointi si ndalama yoti izikoma ikachuluka m'buku. Ndi ngongole imene gulu lili nayo kwa inu, ndipo ikamangokula ndiye kuti wangongoleyo sakubweza. Mwina munaimitsa nokha chikwangwani chanu n'kuiwala, kapena munasankha kuti chizioneka pamasamba a zaulimi okha pamene masamba oterowo m'gululo ndi ochepa. Mwinanso gululo lakhala likupereka malo ambiri kwa olipira ndalama, mamembala n'kumadikira pamzere. Lowani mu akaunti yanu muone kuti ndi chiti mwa zitatuzi. Ngati ndi chachitatu, vuto lanu linayamba kale wogula asanabwere.

Nanga mapointi 40,000 amenewa ndi anthu angati? Chikwangwani choyamba kutchuka, cha kampani ya mafoni ya AT&T pa webusaiti ya HotWired mu Okutobala 1994, akuti anthu 44 pa 100 alionse ochiona ankachidina, poti chinali chinthu chachilendo. Pofika 1998 ofufuza anali atapeza kale kuti maso a anthu aphunzira kulumpha chilichonse chooneka ngati chikwangwani, ndipo lero kupeza munthu mmodzi kapena awiri pa 1,000 si zachilendo. Tiyerekeze kuti chanu chimadinidwa kawiri pa 1,000. Mapointi anu onse 40,000 ndi alendo 80. Mapointi 1,500 a pamwezi ndi alendo atatu. Pa mwezi womwewo, zikwangwani 3,000 za anthu ena zooneka kwanu zimatulutsa anthu asanu ndi mmodzi. Ena mwa iwo anali atamaliza kale kuwerenga ndipo akanachoka ndithu, choncho si onse amene mwaluza. Komabe muone kukula kwa chinthu chimene chikukusowetsani tulo: ndi anthu okwana m'basi imodzi yaikulu, osati mudzi wonse. Manambala enieni ali mu akaunti yanu ndipo akhoza kuposa amenewa, makamaka ngati gululo ndi la anthu a nkhani zofanana. Awerengeni a miyezi 12 yapitayi, osati a sabata imodzi, chifukwa pa webusaiti yaing'ono sabata imodzi siuza munthu kanthu.

Choyamba kuchita n'chosavuta. Tsegulani malire onse amene munaika, chikwangwani chanu chiyambe kuoneka mofulumira, mapointiwo athe. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. M'malamulo a magulu ambiri oterewa mumalembedwa kuti mapointi sangasinthidwe ndi ndalama ndipo akhoza kufufutidwa gulu likatsekedwa kapena akaunti ikagona. Palibe gulu latsopano limene lidzakulandireni nawo. Musanawawononge, konzani chikwangwanicho. Ngati ndi chija munapanga zaka zinayi zapitazo cholembedwa dzina la webusaiti yokha, pangani china chonena chinthu chimodzi chimene mlimi akufuna, monga mmene angakololere uchi osapha njuchi ndi moto, ndipo chiloze patsamba lenileni la nkhaniyo, osati patsamba loyamba. Kumapeto kwa linki muikeko chizindikiro cha UTM, timawu tosonyeza kumene mlendo wachokera, kuti pulogalamu yanu yowerengera alendo izisiyanitsa obwera ndi gululi. Musadalire manambala a gulu lokha. Wogulitsa sayeza yekha sikelo yake.

Malamulo atsopano akafika, muwawerenge mpaka pansi ngakhale ndi otopetsa. Inu osunga njuchi mukudziwa za safunsa amene anadya phula. Chachikulu muyang'ane ngati chimodzi pa ziwiri chija chasintha, ndiponso ngati alemba kuti akhoza kuchisintha osakuuzani. Kenako muone amene akusankha zooneka patsamba lanu. Kwa ine apa ndiye pofunika kuposa ponse. Gulu laling'ono nthawi zambiri limakhala ndi munthu amene amayang'ana chikwangwani chilichonse ndi maso ake asanachilole. Kampani yaikulu imatha kulumikiza malo otsalawo ku msika wake wa otsatsa, ndipo mawa lake mlimi wanu wofuna kudziwa za ming'oma akupeza chikwangwani cha juga kapena cha ngongole za katapila pamwamba pa dzina lanu. Iye sadziwa kuti kuli gulu losinthana. Amangoti inu ndi amene mwaika. Ngati batani lokanira mitundu ina ya malonda lachotsedwa, kapena lasanduka lolipira, tulukani tsiku lomwelo, mapointi atsale.

Muonenso zimene code yatsopano izitenga kwa alendo anu. Wogula amene bizinesi yake ndi kutsatsa amafuna kudziwa kuti ndani akuwerenga chiyani, ndipo amachita zimenezi ndi ma cookie, timafayilo tosiyidwa pa foni kapena kompyuta ya mlendo, odutsa pamasamba onse a m'gululo. Pamene Google inagula kampani yotsatsa ya DoubleClick pa madola 3.1 biliyoni, malonda amene analengezedwa mu 2007 n'kutsirizidwa mu 2008, mkangano waukulu unali pa nkhani yomweyi. Ngati muli ndi owerenga a ku Ulaya, lamulo lawo la GDPR, loteteza zinsinsi za anthu, limene linayamba kugwira ntchito mu Meyi 2018 likhoza kukukhudzani inunso, osati kampaniyo yokha. Ndipo akakuuzani kuti mutsegule akaunti yatsopano ya kampani yaikuluyo kuti mupitirize, muwerenge zimene mukuvomera pamenepo, chifukwa nthawi zambiri mgwirizano watsopano umalowera pakhomo limenelo.

Kumene anzanu apitako musakuthamangire musanakuone. Gulu likagulidwa, magulu ena amatchera msampha othawa: mapointi 10,000 aulere polowa, kapena kubweza chimodzi pa chimodzi. Dzifunseni kuti ngati akubweza zonse, makompyuta awo akulipira ndi chiyani. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mapointi aulere operekedwa kwa aliyense wolowa ndi ngongole imene gulu lilibe malo oibwezera, ndiye mzere umangotalika. Ena amadzaza manambala ndi masamba odzitsegula okha amene palibe munthu akuwayang'ana. Ngati muli ndi Google AdSense, njira ya Google yolipira eni masamba akaonetsa zotsatsa, pa webusaiti yanu, dziwani kuti malamulo ake amaletsa alendo obwera ndi njira zodzitsegula zokha kapena zolipira anthu kuti adine, ndipo akaunti imatha kutsekedwa. Njira yabwino yoyezera gulu ndi kutsegula masamba khumi a mamembala ake. Muone ngati ndi masamba amoyo, olembedwa ndi anthu, ndipo muone pamene chikwangwani chaikidwa. Chikakhala pansi penipeni pamene palibe amafikapo, chanunso chizikaikidwa pomwepo.

Musaganizenso kuti gulu laling'ono ndiye lokhalitsa. SmartClicks, kumene ena othawa Microsoft anapita, nayonso inali m'manja mwa kampani ina yoigula, SmartAge. Project Wonderful, imene Ryan North anayambitsa mu 2006 ndipo ojambula nthano za zithunzi ankaikonda kwambiri, sinagulidwe ndi chimphona chilichonse, koma inatseka mu 2018 poti owerenga anali atasamukira ku Facebook ndi malo ena otero, ndipo ambiri anali ataika mapulogalamu obisa zotsatsa. Ngakhale akuluakuluwo amaphonya: Microsoft inagula kampani yotsatsa ya aQuantive mu 2007 pa madola oposa 6 biliyoni, ndipo mu 2012 inavomera kuti pafupifupi ndalama zonsezo zapita. Pa msika uwu palibe mthunzi wokhalitsa, ndiye konzani webusaiti yanu moti kusamuka kuzikhala ntchito ya mphindi zisanu.

Apa ndipamene anthu ambiri amagwa. Ndinaitanidwapo kukakonza webusaiti ya kwaya ina imene munthu anaimanga kalekale n'kumata code ya gulu losinthana pa tsamba lililonse payekhapayekha, masamba oposa 60. Gululo linali litafa, dzina lake la pa intaneti litagulidwa ndi anthu ena, ndipo pansi pa mawu a nyimbo zotamanda pankaoneka chithunzi chimene sindingachifotokoze pano. Mlembi wa kwayayo, mayi wachikulire, anandionetsa pa foni yake dzanja likunjenjemera, akufunsa ngati abusa achiona kale. Tinakhala madzulo onse tikutsegula fayilo imodziimodzi. Code ya munthu wina patsamba lanu ndi khomo limene kiyi wake ali ndi iyeyo, ndipo akagulitsa nyumba, kiyiyo amapita kwa wogula. Mu 2024 dzina la polyfill.io, limene mawebusaiti oposa 100,000 ankatengako kachidutswa ka code ya JavaScript, linagulidwa ndi kampani ina, ndipo patangopita miyezi yochepa linayamba kutumiza alendo ku masamba achinyengo. Choncho code ya gulu lililonse izikhala pamalo amodzi okha, m'fayilo imodzi kapena mu kabokosi kamodzi (widget) kamene masamba onse amatengako. Mukachoka m'gulu, chotsani code yonse, tsekani akaunti, ndipo pemphani kuti afufute imelo yanu. Musanatseke, sungani manambala anu akale ndi zikwangwani zanu pa kompyuta yanu.

Mukafuna kuyesa gulu latsopano, musaike zikwangwani ziwiri pa tsamba limodzi. Magulu ena amaletsa, komanso tsamba limalemera, ndipo mlimi wotsegula pa foni ndi bandulo yochepa amatopa kudikira. Gawani masamba: theka likhale ndi lakale, theka ndi latsopano, kwa miyezi itatu. Poyerekeza musawerenge odina okha. Muone amene anatsegula tsamba lachiwiri, amene anakulemberani, amene anafunsa mtengo wa uchi kapena wa mng'oma. Alendo atatu ofunsa za njuchi aposa makumi atatu otsegula n'kutseka.

Ndikanakhala ine, ndikanatha mapointiwo m'miyezi iwiri kapena itatu ikubwerayi ndikudikira malamulo atsopano, ndipo nthawi yomweyo ndikanayamba chinthu china chimene palibe kampani ingachigule. Pezani mawebusaiti asanu kapena asanu ndi limodzi a anthu amene owerenga awo ndi anu omwe: wokhoma ming'oma, wogulitsa zovala ndi zofukizira njuchi, gulu lodzala mitengo, wopanga makandulo ndi mafuta a phula. Alembereni nokha, mugwirizane kuti chanu chikhale kwawo, chawo kwanu, chimodzi pa chimodzi, popanda wapakati wotenga theka. Chithunzi cha mnzanuyo muchisunge pa webusaiti yanu, chikhale chithunzi wamba ndi linki, popanda code ya wina aliyense. Pa linkiyo muikepo chizindikiro cha nofollow kapena cha sponsored (chachiwirichi Google inachibweretsa mu 2019), chouza Google kuti isawerengere linkiyo, kuti asakuyeseni ochita malonda osinthana malinki pofuna kukwera pa zotsatira za kufufuza. Anzanu amene achoka m'gulu aja ndi poyambira pabwino, poti mukudziwana kale ndipo nawonso akufuna pokhazikika. Alembereni sabata ino maimelo awo akadali pafupi, ndipo mugwirizane kuti pakatha miyezi itatu mudzaonetsane manambala a alendo amene aliyense watumizira mnzake.